Mkango ndi Nkhuku Yakuda

Akonzi a magazini athu anapempha kuti ali yense wofuna alembeko za mabuku amene wawerenga chaka chino, ndipo ine ndinalonjeza msanga poyesa kuti nchito yake njapafupi. Ndinati ndidzangotenga nthano ziwiri, ina ya ku England, ina ya ku Russia, ndi kuzilinganiza monga tichitira m'kalasi, basi. Koma nditayamba kulemba ndinapeza kuti sindingathe kunena zoona za nthanozo popanda kunenanso zoona za ine mwini. Chifukwa chake, aphunzitsi athu ndi inu anzanga, mundipirire ngati nkhani ya mabuku isanduka pena nkhani ya m'chipinda chathu chogona.

Buku loyamba ambiri a inu mulidziwa, pakuti liri m'laibulale mwathu ndipo masamba ake ada ndi zala za anthu. Dzina lake ndi The Lion, the Witch and the Wardrobe, ndiko kunena kuti Mkango, Mfiti ndi Kabati ya Zovala. Mlembi wake ndi C. S. Lewis, amene pa nthawiyo anali mphunzitsi pa yunivesite ya Oxford, ndipo linatuluka m'chaka cha 1950. Ndilo loyamba kutuluka mwa mabuku 7 osimba za dziko la Narnia. Lotsiriza linatuluka mu 1956. Lachiwiri ndinalipeza m'katoni ya mabuku akale tsiku limene tinatumidwa kukasesa m'laibulale. Linalibe chikuto, koma m'kati mwake munali nthano za ku Russia zotembenuzidwa m'Chingerezi, ndipo yaitali mwa zonse inali ya Nkhuku Yakuda, kapena Anthu Okhala Pansi pa Nthaka. Mwini wake ndi Antony Pogorelsky, dzina lake lenileni Alexey Perovsky, ndipo inasindikizidwa mu 1829. Anailembera mwana wa mlongo wake, Alexey Tolstoy, amene atakula anakhala mlembi wodziwika wa ndakatulo. Tsono pakati pa nkhani ziwirizi pali zaka 121, ndi nyanja, ndi zilankhulo ziwiri.

Mnzanga wina wa m'kagulu kathu ka mapemphero atandiona ndi buku loyamba lija anandidzudzula, nati mwana wopemphera sayenera kugwira buku lokhala ndi dzina la mfiti pa chikuto. Sindinamseke ai, pakuti kwathu kuno mau amenewa sasewera nao. Tonse tamvapo za agogo osalakwa amene anapirikitsidwa m'midzi, ena kuphedwa kumene, chifukwa cha kunamiziridwa ufiti. Koma ndinampempha kuti aliwerenge kaye. Ine ndaona kuti m'mabuku onse awiri muli zinthu ziwiri zimene tiyenera kuzisiyanitsa. China ndi matsenga, ndiyo mphamvu yopezera chimene mtima ufuna popanda kukhetsa thukuta. China ndi za mzimu, ndizo za kulakwa kwa munthu, ndi mangawa amene kulakwako kusiya, ndi amene adzalipira mangawawo. Alembi onse awiri agwirizana kuti matsenga ndi msampha. Pamene asiyana ndi pa za mzimu, ndipo mpamene nkhani yanga yagona.

Ndiyambe ndi ya Angerezi. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ana ambiri a mu London anatumizidwa kumidzi pothawa mabomba, ndipo Lewis mwini analandira ena otere m'nyumba mwake mu 1939. M'buku lake ana anai a mimba imodzi, Peter, Susan, Edmund ndi Lucy, anafika m'nyumba yaikulu ya nkhalamba ina yophunzira kwambiri. Lucy, amene anali mzime, analowa m'kabati ya zovala, napyola malaya a ubweya, nangoona ali m'nkhalango yozizira. Dzikolo linali m'manja mwa Mfiti Yoyera, imene inaliika m'chisanu chosatha kwa zaka 100, ndipo ali yense wotsutsana nayo inali kumsandutsa mwala ndi ndodo yake. Edmund atalowa m'kabatimo tsiku lina anakomana ndi Mfitiyo ali yekha. Iyo inampatsa chakumwa chotentha ndi maswiti ofewa otchedwa Turkish Delight, othira mankhwala akuti munthu akalawa afune enanso kufikira atafa nao, nimlonjeza ufumu akadzabwera ndi abale ake. Tsono pamene ana onse anai analowa m'Narnia nalandiridwa ndi tinyama tokoma mtima, Edmund anazemba usiku, napita kukaulula kwa Mfiti pamene panali abale ake, ndi kumene anati akakomane ndi mkango Aslan, mwini dzikolo. Mphotho imene analandira inali mkate wouma ndi madzi, ndipo pambuyo pake chingwe m'manja.

Ya ku Russia ife tiyenera kuimva msanga, pakuti inachitika pa sukulu yogonera pompo monga yathu ino, mu mzinda wa St Petersburg, pa chilumba cha Vasilievsky, m'zaka za m'ma 1790. Alyosha anali mnyamata wa zaka 9 kapena 10, ndipo makolo ake, okhala kutali, analipiriratu fizi ya zaka zingapo nabwerera kwao. Anzake akapita ku tchuthi iye anali kutsala yekha, kuwerenga nthano, kusuzumira m'ziboo za mpanda, ndi kudyetsa nkhuku nyenyeswa za mkate. Amene mwa inu anatsalapo pano pa tchuthi chifukwa chosowa ndalama ya basi adziwa kulira kwa mphepo m'chipinda chopanda anthu. Tsiku lina mai wophika anagwira nkhuku yakuda ya tsumba, dzina lake Chernushka, kuti aiphere alendo, ndipo Alyosha anaiombola ndi ndalama ya golidi imene anampatsa agogo ake, chuma chake chonse. Usiku nkhukuyo inadza pa bedi lake nilankhula ngati munthu, nimtsogolera pansi pa nyumba kufikira ku dziko la tianthu tating'ono. Kumeneko anaona kuti nkhuku yake ija ndiyo nduna yaikulu ya mfumu.

Mfumu inati apemphe chimene afuna, ndipo mnyamatayo, osaganiza bwino, anapempha kuti azidziwa phunziro liri lonse popanda kuwerenga. Mfumu inadabwa ndi ulesi wotere, komabe inasunga lonjezo lake nimpatsa kanjere kamodzi. Anzanga aja okonda kuseka ndiwauziretu kuti inali njere ya mbeu imene apota nayo zingwe, ya mtundu umodzi ndi chamba. Koma Alyosha sanali kuisuta, anali kungoisunga m'thumba yokulunga m'kapepala. Lamulo linali limodzi lokha: asauze munthu ali yense za anthu a pansiwo, pakuti akadziwika adzayenera kusamuka m'dziko la makolo ao.

Kanjereko kanagwiradi nchito. Alyosha anayankha zonse, mbiri yake inamveka mu mzinda monse, ndipo ngakhale poyamba anachita manyazi poyamikidwa pachabe, m'kupita kwa masiku anazolowera, nayamba kunyada ndi kunyoza anzake. Mphunzitsi pofuna kumchepetsa anampatsa masamba 20 kuti awaloweze pamtima, ndipo pa nthawi yomweyo kanjere kanatayika. Anatsekeredwa m'chipinda napatsidwa mkate ndi madzi. Chernushka inamva chisoni nimbwezera kanjereko, nimchenjeza, ndipo m'mawa mwake ananena masamba onse 20 osaphonya. Koma anzake anachitira umboni kuti sanagwire buku, ndipo mphunzitsi anafuna kudziwa kuti anaphunzira liti. Pamene zikoti zinabwera, mnyamatayo anazunguzika ndi mantha naulula zonse: nkhuku, mfumu, ndi tianthu tija. Mphunzitsi sanakhulupirire ngakhale liu limodzi, namkwapulabe chifukwa cha bodza.

Taonani tsono kufanana kwake. Onse awiri ndi anyamata olekana ndi makolo ao. Onse awiri analandira kanthu kakang'ono kokwana m'dzanja, wina switi, wina njere. Matsenga sanawasandutse afisi kapena akadzidzi. Anangokulitsa chimene chinalimo kale m'mitima yao, dyera mwa Edmund ndi ulesi mwa Alyosha, kufikira anzao anatopa nao. Onse awiri anatsirizira pa mkate ndi madzi. Ndipo onse awiri anapereka amene anawakhulupirira, ndi chida chimodzi chomwecho, ndicho pakamwa. Kufikira apa Mngerezi ndi mlembi wa ku Russia ayenda njira imodzi. Koma mlandu ukachitika uyenera kuweruzidwa, ndipo pa bwalo mpamene alekana.

Ku Narnia, Edmund atapulumutsidwa, Mfiti inadza kwa Aslan kudzamfuna, niti mwa lamulo lakale lolembedwa pa Gome la Mwala, mwazi wa wachiwembu ali yense ngwake. Aslan sanakane lamulolo. Anadzipereka yekha m'malo mwa mnyamatayo, monga atsibweni a munthu aimirira pa bwalo la anyakwawa nalipira mlandu wa mphwao ndi mbuzi ya m'khola lao. Koma apa mbuzi inali moyo wake. Anammanga, nammeta ubweya wa m'khosi, namseka, namupha ndi mpeni wa mwala, Susan ndi Lucy ali kuona pobisala. M'mbandakucha mbewa zinadula zingwe, Gome linasweka pakati, ndipo mkango unauka wamoyo, pakuti panali lamulo lina lakale koposa limene Mfiti sinalidziwe, lakuti wosalakwa akafa mwaufulu m'malo mwa wachiwembu, imfa ibwerera m'mbuyo. Aslan anauzira mpweya pa onse osandutsidwa miyala nakhalanso amoyo. Edmund anathyola ndodo ya Mfiti pa nkhondo, navulala, nachiritsidwa, nakhala pa mpando wachifumu pamodzi ndi abale ake. Lewis anataya chikhulupiriro pa unyamata wake nabwerera ku Chikhristu mu 1931, ndipo ali yense amene anakhalapo pa Sande sukulu azindikira nkhani ya mtanda m'kati mwa nthanoyi.

Ku St Petersburg kunalibe mkango. Usiku wa tsiku la zikoti lija nduna inadza kwa Alyosha, osati ngati nkhuku koma ngati munthu, kudzatsazika. Alyosha atagwira dzanja la ndunayo panamveka kulira kwa chitsulo, ndipo mnyamatayo anaona kuti manja ake ngomangidwa ndi maunyolo a golidi. Chimenecho chinali chilango chake chifukwa cha pakamwa pa Alyosha. Ndunayo inamkhululukira, pokumbukira kuti anaipulumutsa ku mpeni, niti imkondabe. Koma maunyolo sanagwe, ndipo mtundu wonse unayenera kusamuka usiku womwewo. Mnyamatayo anauzidwa kuti chitonthozo chokha chimene angapereke ndi kukonza makhalidwe ake. Usiku wonse anamva pansi pa nyumba phokoso la timagaleta, ndi kulira kwa akazi ndi ana, ndi mau a nduna ali kutsazika. M'mawa anampeza ali gone pansi, thupi liri moto. Anachira patapita milungu 6, nakhala mwana wodzichepetsa ndi wakhama, koma tianthu tija sitinabwerenso.

Sindinena kuti mabuku awiri angaimire maiko awiri. Komabe m'nthano zina ndaonanso njira ziwiri zomwezi. M'buku lopanda chikuto lija mulinso nthano za m'midzi zimene anasonkhanitsa Alexander Afanasyev, amene pakati pa 1855 ndi 1863 anasindikiza nthano pafupifupi 600. M'menemo muli Baba Yaga, nkhalamba ya m'nkhalango imene iuluka itakwera mu mtondo, munsi uli m'manja, nisesa mapazi ake ndi tsache. Iyo si yoipa kotheratu monga Mfiti Yoyera. Idya anthu, koma ithandizanso wodziwa ulemu ndi nchito. Mtsikana Vasilisa, wotumidwa ndi ana a mai womupeza kukapala moto kwa nkhalambayo, anapulumuka chifukwa cha kachidole kamene amai ake anamsiyira pamodzi ndi dalitso lao pomwalira. Koma kachidoleko kanali kofuna kudyetsedwa kaye kasanathandize. Baba Yaga atamva za dalitsolo anamtulutsa m'nyumba, nampatsa moto m'chigaza cha munthu. Kwa Angerezi, m'buku loyamba la Harry Potter lolembedwa ndi J. K. Rowling, lotuluka mu 1997, mulinso mai womwalira amene ateteza mwana wake. Koma kumeneko chitetezo chichokera pa imfa imene maiyo anafa m'malo mwa mwanayo, monga anachitira Aslan. Kotero m'mabuku a Angereziwa thandizo ligulidwa kamodzi ndi moyo wa wina, pamene m'nthano za ku Russia thandizo likhala pafupi, m'thumba kapena pansi pa nyumba, ndipo ukaleka kulisamala lichoka.

Ngakhale pamene boma la chikomyunizimu, limene linalowa mu 1917, linalimbana ndi chipembedzo, phunziro la matsenga silinasinthe. Mu 1938 Lazar Lagin analemba za Volka, mnyamata wa mu Moscow amene anavuula mtsuko mu mtsinje, ndipo mu mtsukomo munatuluka jini lokalamba lotchedwa Khottabych. Pofuna kuthokoza, jinilo linamthandiza pa mayeso a jogalafe poika mau ake m'kamwa mwa mnyamatayo. Koma nzeru zake zinali za zaka zikwi zapitazo, ndipo Volka anauza aphunzitsi kuti dziko ndi lafulati ngati mbale. Analephera mayesowo. Anzanga amene mumva mphekesera za mapensulo ndi mphete zokhozetsa mayeso, kumbukirani Volka.

Tsopano ndifike pa ine. Pamene ndinadza pano m'Fomu 1 ndinali wamng'ono thupi ndi wamantha, ndipo mnyamata wa bedi loyandikana ndi langa, wondiposa zaka ziwiri, ananditenga ngati mphwake. Ananditchinjiriza kwa aja ozunza obwera kumene, nandiphunzitsa kuchapa ndi kusita, ndi kusunga kamba kuti afike pakati pa teremu. Dzina lake sindilemba; amene tinali naye amdziwa. Masamu anali kuwamwa ngati madzi, pamene ine anali kundizunguza mutu. Poyamba anali kundifotokozera pa nthawi ya sitade, koma ine ndinaona kuti kukopera nkwapafupi koposa kumvetsa, ndipo ndinayamba kutenga kope lake m'mamawa belu lisanalire. Iye anandichenjeza, nati, "Mphwanga, kope langali sudzalowa nalo m'mayeso." Ine ndinangoseka. Kope limenelo ndilo linali kanjere kanga. Aphunzitsi anandiyamika pamaso pa kalasi, ndipo monga Alyosha, manyazi ndinachita sabata yoyamba yokha.

Tiri m'Fomu 2 amai ake anadwala. Kwao kunali kufupi, ulendo wa ola limodzi wapansi, ndipo pakhomo panalibe wamkulu wina koma alongo ake aang'ono. Anapempha chilolezo kawiri napatsidwa. Kachitatu anaopa kupempha, nayamba kutuluka usiku pa chiboo cha mpanda kuseri kwa khitchini, kukawaza nkhuni ndi kutunga madzi, nabwera kusanache. Anauza ine ndekha, ndipo ndine ndinali kukonza mabulangete pa bedi lake kuti aoneke ngati munthu wagona.

Usiku wina aphunzitsi oyang'anira zogona anayendera zipinda ndi tochi, navundukula bulangete, napeza pilo ndi chikwama. M'mawa anandiitana ku ofesi. Sanandimenye, sanandikalipirenso. Anangoti, "Iwe ugona pafupi naye. Ukandibisira mupita nonse awiri, ndipo ukabwera ndi atate ako." Pomwepo ndinaona nkhope ya atate, amene anagulitsa mbuzi kuti ndilowe pano, ndipo pakamwa panga panatseguka. Anandifunsa za usiku umodzi. Ine ndinanena za masiku onse, ndi chiboo cha mpanda, ndi nthawi yotulukira. Zinthu ziwiri zokha sindinanene. Sindinanene za dzanja limene linali kukonza mabulangete, ndiponso sindinanene za amai odwala, pakuti sanandifunse, ndipo ine ndinali kuganiza za khungu langa lokha. Sindinena kuti aphunzitsi analakwa ai. Lamulo la mpanda liripo kuti litisunge, ndipo Aslan yemwe sanakane lamulo la pa Gome. Mnzangayo anauzidwa kuti akakhale kwao kufikira teremu itatha. Amai ake anachira, koma atsibweni ake amene anali kumlipirira fizi anapsa mtima nabweza dzanja, ndipo teremu yotsatira pa bedi lake panagona munthu wina.

Poyamba pa chaka chino nditatsika basi ndi sutikesi yanga, anyamata a kabaza anandizinga, ndipo pakati pao ndinamva mau amene ndiwadziwa: "Mphwanga, kwera apa." Ndinafuna kulowa pansi ndi manyazi. Anamanga sutikesi ndi mphira, ndipo tinauyamba. Ulendo wonse ndinali kuyang'ana msana wake, malaya atanyowa ndi thukuta. Pa chitunda chija cha ku mlatho tinatsika kuti tikankhe njinga, ndipo mpamene ndinalimba mtima, ndinati, "Achimwene, ndine ndinaulula." Iye sanaime nkomwe. Anati, "Ndidziwa. Ndinadziwa tsiku lomwelo. Unali mwana, unaopa. Zinatha zimenezo." Pa chipata ndinatulutsa ndalama koma anakana. Ndinati, "Nanga ndichite chiani, achimwene?" Anati, "Masamu akuyendera bwanji? Usiye zokopera zija. Ine ndifuna ndidzalembebe mayeso a Fomu 4. Manotsi ukatha nao uzindisungira." Natembenuza njinga. Ndinaima pa chipatapo kumvera tcheni cha njinga yake chiri kulira kufikira anakhota.

Nthano ya Nkhuku Yakuda ndinaipeza patapita milungu itatu, ndipo pofika pa maunyolo a nduna ndinatseka buku ndi kutuluka panja. Kufikira tsiku limenelo ndinali kukonda Narnia koposa mabuku onse, chifukwa kumeneko zonse zibwerera m'malo mwake: wakufa auka, miyala ipuma, wachiwembu avala chisoti chachifumu. Tsopano ndinapsa nalo mtima bukulo, ndinati Lewis anamiza ana. Akulu anati madzi akatayika saoleka, ndiponso mlandu suola. Ndipo Pogorelsky yekha ndiye ananena zimenezi poyera. Ine ndakhululukidwa, inde, koma mnzanga akali kupalasa njinga pa dzuwa pamene ine ndikhala pa desiki.

Koma pambuyo pake ndinamva kanthu kena kwa mnyamata wina amene anali pulifekiti chaka chimenecho, ndipo anali mu ofesimo pamene mnzanga anafunsidwa. Aphunzitsi anamfunsa katatu kuti anali kumkonzera mabulangete ndani, ndipo katatu konse anayankha kuti anali kukonza yekha. Anadziwa kale kuti ndine ndampereka, komabe anasenza gao langa la mlandu pamodzi ndi lake. Pamenepo ndinakumbukira kuti nkhondo ya ku Narnia itatha, Lucy anafunsa Susan ngati nkoyenera kumuuza Edmund chimene Aslan anamchitira, ndipo Susan anakana. Inenso ndinakhala miyezi yambiri pa malo amene wina anandigulira, osadziwa. Tsono Lewis sananame. Alipodi anthu amene alipira mangawa a anzao mwakachetechete, ndipo si onse ali ndi ubweya wa mkango.

Chifukwa chake sindisankhanso pakati pa mabuku awiriwa. La Angerezi liyang'ana kumwamba, kumene kuchokera chikhululukiro. La ku Russia liyang'ana pansi, kumene kukhala anthu amene tawapweteka. Ndikadakhala ndi la Lewis lokha, ndikadayesa kukhululukidwa chinthu chotsika mtengo, pakuti Edmund sanaone mpeni. Ndikadakhala ndi la Pogorelsky lokha, ndikadangogona pansi ndi malungo a chisoni monga Alyosha, osakhulupirira kuti wachiwembu angathe kuimanso ndi kuthyola ndodo ya Mfiti. Mnzanga wa m'kagulu ka mapemphero uja waliwerenga tsopano buku la kabati, ndipo avomera kuti chimene chigonjetsa Mfiti m'menemo si mankhwala oposa ake ai, koma kudzipereka. Ndamuuza kuti awerengenso la nkhuku.

Masamu tsopano ndichita ndekha. Mayeso awiri oyamba ndinalephera, ndipo aphunzitsi anadabwa kuti nzeru zanga zija zapita kuti. Lero apeza yankho lake m'magazini muno, ndipo ngati pali chilango cha mabulangete aja ndiri wokonzeka kuchilandira. Achitatu ndinakhoza pang'ono. Kanthu n'khama, phwiti anakwatira njiwa. Loweruka liri lonse ndikhala m'laibulale ndi makope awiri, langa ndi lina latsopano, ndipo ndikoperamo manotsi a sabata yonse ndi dzanja losamala, kuti tsiku lotsekera ndikampatse mwini wake pa siteji. Kale ndinali kukopera kwa iye. Tsopano ndikopera iye.

Buku la nthano za ku Russia ndalimata chikuto cha katoni ndi kulibweza pa shelefu, pafupi ndi la Narnia. Amene afuna akabwereke onse awiri.

Mnyamata wa Fomu 3